N'chifukwa chiyani Handel wa pa YouTube sakugwirizana ndi kiyibodi yanu?

Amene munayesapo kuphunzitsa kwaya nyimbo ya Handel ija ya "Hallelujah" mothandizidwa ndi foni, mwina izi zinakuonekeranipo. Papepala palembedwa kuti nyimboyo ili mu kiyi ya D. Mwapeza kanema pa YouTube, mwatsegula, mwadina D pa kiyibodi kuti muzitsatira. Sizikugwirizana. Oimbawo ali pansi pang'ono, ngati akuimba mu D flat. Mwasaka gulu lina loimba nyimbo yomweyo, ndipo apa D wanu wakhala mwake. Kiyibodi sinafe, ndipo pa magulu awiriwo palibe lomwe laphonya.

Bwererani ku kanema woyamba uja mukayang'anitsitse zomwe anthuwo agwira m'manja. Zitoliro zawo ndi zamtengo, zina zachikasu ngati uchi, zopanda tizitsulo tonyezimira tomwe timakuta zitoliro za masiku ano. Pansi pa kanemayo mwina palembedwa "A=415". Nambala imeneyi tifikako, koma sitingaimvetse tisanazidziwe zida zouzirazo, poti ndizo eni nkhani. Vayolini umaichuna mmene wafunira, kungokoka kapena kumasula nsambo. Chitoliro chikasemedwa chasemedwa. Kutalika kwake ndi mabowo ake ndizo zimalamula, ndipo gulu lonse limatsata icho.

Baroque, dzina lachipongwe lomwe linakakamira

Olemba mbiri ya nyimbo akamati Baroque amanena nyimbo za ku Ulaya za pakati pa 1600 ndi 1750, nthawi ya Handel ndi zida zimenezi. Chiyambi amachiika pa nthawi imene zisudzo zoimba zotchedwa opera zinayamba ku Italy, monga L'Orfeo ya Claudio Monteverdi yomwe inaonetsedwa ku Mantua mu 1607. Mapeto amawaika pa chaka chimene Johann Sebastian Bach anamwalira ku Leipzig. Malire amenewa ndi ongogwirizana. Palibe woimba amene anadzuka m'mawa wa 1751 n'kutaya kaimbidwe kadzulo.

Eni akewo sankadzitcha a Baroque. Ambiri amati mawuwa anachokera ku Chipwitikizi, barroco, ngale yosaumbika bwino, ya mabampu. Mu 1734 munthu wina wobisa dzina analemba m'nyuzipepala ya ku Paris, Mercure de France, kudandaula za opera yoyamba ya Jean-Philippe Rameau, ndipo anaitcha baroque pofuna kunena kuti ndi yosokonekera, yopanda nyimbo yogwirika. Zili ngati dzina lomwe anzanu anakupatsani kusukulu pokusekani, koma lero ndi lomwe mudzi wonse umakudziwirani, palibenso wokumbuka kuti kunali kunyoza.

Oimba ambiri a nthawiyo anali antchito a mfumu, a tchalitchi kapena a khonsolo ya mzinda. Nyimbo inkapekedwa pa chifukwa, kaya mapemphero a Lamulungu likudzali, kaya ukwati wa kunyumba yachifumu, ndipo wopeka ankaipekera anthu omwe analipo ndi zida zomwe anali nazo m'manja.

Orchestra ya anthu 20

Orchestra ya masiku ano imatha kukhala ndi anthu 80 kapena 100, ndi wotsogolera woimirira patsogolo atagwira kandodo. Ya Bach inali yaing'ono. Mu August 1730, atatopa ndi kuperewera kwa oimba, analembera khonsolo ya Leipzig kalata yofotokoza zomwe nyimbo za m'tchalitchi zimafuna: mavayolini angapo, ma viola, ma cello awiri, besi yaikulu imodzi, ma oboe awiri kapena atatu, bassoon imodzi kapena ziwiri, malipenga atatu ndi ng'oma. Onse pamodzi anati anthu osachepera 18, ndipo 20 ngati nyimbo ikufuna zitoliro. Omwe anali nawo pa ntchito analipo 8 okha, ndipo za luso lawo Bach anangoti ulemu ukumuletsa kunena zoona. Mipata inayo ankaitseka ndi ana asukulu ndi ophunzira a ku yunivesite.

Maziko a gulu lotere ndi chomwe amati basso continuo. Wopeka ankalemba mzere wa besi n'kuikapo timanambala tosonyeza makodi. Cello ndi bassoon zinkaimba besiyo monga yalembedwera, pomwe wa harpsichord, chida cha nsambo choimbidwa podina mabatani ngati kiyibodi, kapena wa limba la m'tchalitchi ankadzazira makodiwo ndi nzeru zake. Wa kiyibodi aliyense amene amangopatsidwa kapepala kolembedwa G, C, D n'kudziwa chochita, ntchitoyi akuidziwa kale.

Mtundu wa nyimbo womwe unapatsa zida zouzira bwalo lalikulu ndi concerto. Gulu lonse limayamba ndi chigawo chomwe chizibwerabwera, chotchedwa ritornello. Kenako chida chimodzi, kapena zingapo, zimatuluka n'kuyenda pazokha. Gulu limalowanso ndi chigawo chija, mwina mu kiyi ina, mwina chodulidwa. Khutu lozolowera nyimbo zathu za woyambitsa ndi ovomera silivutika nazo, kungoti apa ovomera ndiwo amayamba.

Oboe

Oboe ndi chida chamtengo chotalika pafupifupi masentimita 60, chopyapyala kumtunda, chokulirako kumunsi. Mawu ake amayambira pa tizidutswa tiwiri ta bango, tosepedwa mpaka kupyapyala kuposa chikhadabo, tomangidwa moyang'anizana. Mpweya ukamadutsa pakati, timatseguka ndi kutsekeka mwaliwiro. Amene munakulira kumudzi munachitapo zimenezi ndi phesi la nkhwani: kuling'amba pang'ono kunsonga, kuliika m'kamwa, kuliliza mpaka amayi kukuthamangitsani pakhomo. Nzeru yake ndi yomweyo.

Kholo la oboe ndi shawm, chida chomwe abale ake akadalipo, monga zurna ya ku Turkey, algaita ya Ahausa ku Nigeria, ndi zumari ya kugombe la Kenya ndi ku Zanzibar. Shawm inkasemedwa ku mtengo umodzi, milomo ya woimba inkatsamira pa kachitsa kozungulira bangolo, ndipo inali yaphokoso zedi. Inali ya pabwalo, ya pa perete, ya pamwamba pa nsanja ya mzinda. Mukanaiika m'chipinda chimodzi ndi mavayolini, mavayoliniwo akanangooneka akuyendetsa manja.

Kusintha kunachitika ku France, kunyumba ya mfumu Louis XIV, cha m'ma 1650 mpaka 1670. Kumeneko nyimbo zinali m'manja mwa Jean-Baptiste Lully, mwana wa ku Florence amene anakwera mpaka kukhala mkulu wa oimba a mfumu, ndipo m'zisudzo zake munkafunika zida zouzira zotha kukhala pansi limodzi ndi mavayolini. Omwe amatchulidwa kawirikawiri pa ntchitoyi ndi mabanja a Hotteterre ndi Philidor, oimba omwe analinso amisiri. A Hotteterre kwawo kunali La Couture, mudzi wa osema ku Normandy. Amisiriwa anadula chidacho m'zidutswa zitatu zolowetsana. Zikumveka ngati nkhani yaing'ono, koma luso lonse linagona pamenepo. M'kati mwa kachidutswa kakafupi mmisiri amatha kuboola ndi kupala mosamala kuposa m'kati mwa mtengo wautali, ndipo kuchunika kwa notsi iliyonse kumachokera m'katimo. Anachepetsa bowo la m'katilo ndi mabowo a zala, anachotsanso kachitsa kaja kuti milomo igwire bango lenilenilo. Tsopano woimba akanatha kufuula, kufewetsa, ngakhale kunong'ona. Dzina lachifalansa lakuti hautbois, mtengo wokweza mawu, linakhalabe, ndipo Ataliyana polilemba mmene ankalimvera anati oboe.

Nzeru yomweyi inagwiranso ntchito pa bassoon ndi pa zitoliro ziwiri zotchedwa recorder ndi traverso. Pofika 1700 zida zatsopanozi zinali zitafika ku London, Amsterdam, Nuremberg, Dresden ndi Venice.

Oboe ya nthawiyo ili ndi tizitsulo tiwiri kapena titatu tokha, tovundikira mabowo omwe zala sizifika. Ya lero ili ndi toposa 20. Manotsi apamwamba woimba wakale ankawapeza ndi milomo ndi mpweya basi, choncho bango likakhala loipa tsiku lonse laipa. Bangolo ndi la mtundu wautali wotchedwa Arundo donax, ndipo lomwe oimba amalikonda kwambiri limalimidwa ku Var, kum'mwera kwa France. Limaumitsidwa chaka kapena kuposa. Woimba amaling'amba, kulipala m'kati, kulipinda pakati, kulimanga ndi ulusi pa kapaipi ka mkuwa, kudula nsonga kuti patseguke, kenako kulisepa ndi mpeni pang'onopang'ono, akuliza, akusepanso, akulizanso. Asanaimbe amaliviika m'madzi, ndicho chifukwa m'makanema mumaona kabotolo kakang'ono pambali pake. Likakhalitsa limatha masabata ochepa, n'kutayidwa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya ma oboe inali kuimba limodzi ndi mavayolini notsi ndi notsi, kuti mawu a gulu akhale ndi msana. Nthawi zina mavayolini ankakhala chete n'kusiya ma oboe awiri ndi bassoon akucheza atatu, kachitidwe komwe Lully anafalitsa. Tomaso Albinoni wa ku Venice anasindikiza ma concerto a oboe mu 1715 ndi 1722, ndipo concerto ya Alessandro Marcello ya mu D minor inamugwira mtima Bach mpaka anaikonzanso kuti iziimbidwa pa harpsichord yokha.

Komabe mphamvu za pabwalo zija sizinathe. Pa 27 April 1749, ku Green Park mu London, kunali makombola okondwerera pangano la mtendere la Aix-la-Chapelle, ndipo nyimbo yoperekeza anapeka ndi George Frideric Handel. Mfumu George II inkafuna zida za asilikali, osati mavayolini, ndiye Handel analembera ma oboe 24, ma bassoon 12, malipenga 9, ma horn 9 ndi ng'oma. Makombolawo anayatsa mbali ina ya chinyumba cha matabwa chomwe anamangira mwambowo. Patatha mwezi Handel anaimbitsanso nyimboyo ataikamo mavayolini, monga ankafunira poyamba.

Ku Leipzig Bach anapezako abale awiri a oboe omwe anawakonda kwambiri. Oboe d'amore ndi yaitaliko, kumunsi kwake kotupa ngati kachipanda, mawu ake otsikirapo ndi odekha. Oboe da caccia ndi yopindika ngati uta, yokutidwa ndi chikopa, kumapeto kwake kuli chikamwa cha mkuwa ngati cha lipenga. Mmodzi mwa omwe ankazisema ndi Johann Heinrich Eichentopf wa mumzinda momwemo. Gawo lachiwiri la Christmas Oratorio ya 1734 limayamba ndi zida zokha, zitoliro ndi mavayolini mbali iyi, ma oboe anayi a mitundu iwiriyi mbali inayo, ndipo ambiri amamva ngati angelo ndi abusa akuyankhana usiku kubusa. Koma pomwe ine ndimaimitsa kanema n'kubwereza ndi mu St Matthew Passion. Khamu lafuula kuti Yesu apachikidwe, ndipo lisanafuulenso kachiwiri, Bach amakhalitsa chete gulu lonse. Kwatsala sopulano mmodzi, traverso imodzi, ndi ma oboe da caccia awiri ongogunda pang'onopang'ono pansi pake. Limba kulibe, cello kulibe. Nyimbo ya nthawi imeneyo ikachotsedwa besi imakhala ngati nyumba yochotsedwa maziko, ndipo omvera ake ankadziwa kuti pachitika chinthu.

Zitoliro ziwiri, dzina limodzi

Pamapepala a nthawi ya Bach ndi Handel, mawu akuti flauto akalembedwa paokha nthawi zambiri amanena recorder, chitoliro chogwira choimika, chouzira kunsonga. Chogwira chopingasa chija, chomwe lero timangoti flute, ankachitchula mosiyanitsa kuti traversa kapena flauto traverso. Recorder itaiwalika, magulu ankangoimba zonsezi ndi flute yachitsulo, kusiyanako n'kufufutika.

Recorder imalira ngati wezulo wa woimbira mpira. Mpweya umadutsa m'kanjira kosemedwa kale n'kukagawika pa kampeni ka mtengo, choncho aliyense amailiza tsiku loyamba, ndipo ya pulasitiki inadzaza m'masukulu a mayiko ambiri pa chifukwa chimenechi. Vuto lake lagonanso pomwepo. Kanjirako sikasintha, ndiye ukauzira mwamphamvu notsi imakwera n'kuchoka mu kiyi, ukafewetsa imatsika. Opeka ankaikonda pa nkhani za abusa, za mbalame ndi za imfa. Nyimbo ya maliro yomwe Bach anapeka akadali mnyamata, Actus tragicus, ili ndi ma recorder awiri, yopanda vayolini ndi imodzi yomwe.

Traverso imalira ngati botolo lomwe mukuuzira pakamwa pake. Kanjira ka mpweya ndi milomo ya woimba, choncho akhoza kuimba mwamphamvu kapena monong'ona popanda notsi kusuntha. Anthu atayamba kukonda nyimbo zokwera ndi kutsika mphamvu ngati mafunde, recorder inagonja, ndipo pofika 1750 inali ikuzimirira.

Chinsinsi cha traverso chili pa zala. Ili ndi mabowo 6 ndi kachitsulo kamodzi ka notsi ya E flat. Mukamatsegula mabowowo motsatizana kuchokera kumunsi, mumapeza do re mi wa kiyi ya D, manotsi omveka poyera. Manotsi ena, monga F kapena B flat, amapezeka potsegula bowo limodzi n'kutseka lomwe lili pansi pake, ndipo amatuluka ophimbika, ngati munthu wolankhula ataika dzanja pakamwa. Pa chida chotere kiyi iliyonse ili ndi khalidwe lake. D ndi G ndi zomasuka, C minor ndi ya mumthunzi, ndipo opeka ankasankha kiyi akudziwa zimenezi. Mu 1747 Bach anakacheza ku Potsdam kwa mfumu Frederick II ya Prussia, yomwe inkaimba traverso ndipo mphunzitsi wake anali Johann Joachim Quantz, amene buku lake la 1752 la kaimbidwe ka chidachi oimba akuliwerengabe. Atabwerako, Bach anatumizira mfumuyo mphatso ya nyimbo, Musical Offering, momwe muli gawo la traverso mu C minor, kiyi yopotokola zala. Mwina sikunali kuyesa mfumu, poti kanyimbo komwe mfumuyo inamupatsa kuti akulitse kanali kale mu kiyi imeneyo.

Mu 1847 Theobald Boehm wa ku Munich, wosula golide amene analinso woimba flute, anapanga yasiliva ya mabowo aakulu, oikidwa pomwe masamu akunena osati pomwe zala zimafika, otsekedwa ndi tizitsulo. Notsi iliyonse inafanana mphamvu ndi inzake. Kusiyana kwa zida ziwirizi kuli ngati kwa kalata yotaipa ndi yolemba pamanja. Yotaipa imawerengeka patali, zilembo zonse n'zofanana. Ya pamanja imaonetsa pomwe wolemba anadinikiza ndi pomwe anafewetsa dzanja. Kuti yabwino ndi iti, zimatengera kuti kalatayo ikupita kwa ndani.

Bassoon ndi chalumeau

Bassoon ndi besi wa banja la oboe, paipi yamtengo yotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka koma yopindidwa pawiri kuti zala zifike. Ataliyana amati fagotto, mawu omwe amatanthauzanso mtolo. Kholo lake, dulcian, linali chipika chimodzi chobooledwa mabowo awiri ogundana, ndipo amisiri a ku France analigawa m'zidutswa zinayi. Kawirikawiri inkangoyenda ndi cello mu continuo, mpaka Antonio Vivaldi, wansembe wa ku Venice amene kuyambira 1703 ankaphunzitsa atsikana pa nyumba ya ana otayidwa ya Ospedale della Pietà, anailembera ma concerto 39. Kupatula vayolini, palibe chida china chomwe anachilembera ochuluka chonchi.

Chalumeau ndi kachida kakafupi ka bango limodzi, kofewa mawu. Cha m'ma 1700 banja la Denner ku Nuremberg linapangapo clarinet, yomwe panthawiyo inali khanda. Ufumu wake unadza Baroque itatha.

Nanga 415 uja?

Mawu aliwonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Notsi ya A yomwe magulu amachunira imanjenjemera ka 440 pa sekondi, malinga ndi zomwe nthumwi za mayiko zinagwirizana ku London mu 1939, ndipo kiyibodi yanu inachoka kufakitale itachunidwa choncho. Nthawi ya Baroque mgwirizano wotere kunalibe. A wa mzinda uwu sanali A wa mzinda uwo, monga ndowa ya chimanga imasiyanira msika ndi msika pomwe palibe sikelo. Umboni wake uli pa zinthu zomwe sizichunidwa chisawawa: mapaipi a malimba akale, ma recorder, ma traverso, ndi kachitsulo kamphanda kochunira komwe John Shore, woimba lipenga wa ku London, anapanga mu 1711. Ku zisudzo za ku Paris A anali cha m'ma 392, sitepe yathunthu pansi pa wathu. Malimba ambiri a m'matchalitchi a ku Germany anali cha m'ma 465, pamwamba pa wathu.

Mavuto ankabuka zida za mtundu wa ku France zikalowa m'tchalitchi cha ku Germany. Ku Leipzig limba linali sitepe yathunthu pamwamba pa ma oboe, choncho okopera manotsi a Bach ankalembera wa limba pepala lake mu kiyi ina. Gulu likuimba mu D, iye akuwerenga C. Ndi ntchito yomwe lero batani la transpose limagwira m'kuphethira kwa diso. Oimba traverso oyendayenda ankanyamula zidutswa zapakati zingapo zosiyana kutalika, n'kulowetsa chogwirizana ndi mzinda womwe afikamo.

Ndiye 415 si lamulo la makolo awo, ndi mgwirizano wa masiku athu ano. Ili pafupi ndi momwe zida zouzira zambiri za ku Germany za nthawi ya Bach zinalili, komanso yatalikirana ndi 440 theka la sitepe ndendende, batani limodzi pa kiyibodi. Harpsichord imodzi imatha kutumikira magulu onse awiri pongosuntha mabatani ake malo amodzi. D wa m'kanema uja ndi D ndithu kwa iwo, koma pa kiyibodi yanu wagwera pa D flat. Mukafuna kuimba nawo, tsitsani transpose kamodzi. A sopulano anu akuthokozani pa manotsi apamwamba aja, a besi mwina ayi.

Zakale, kapena zatsopano zooneka zakale?

Pamene Felix Mendelssohn ankadzutsanso St Matthew Passion ku Berlin mu 1829, ma oboe a Bach a mitundu ija kunalibenso, ndipo m'malo mwake anaikamo ma clarinet. Zinayenda choncho mpaka kutulukira anthu ngati Arnold Dolmetsch, amene ankatola zida zakale ku England. Mu 1919 mwana wake wamng'ono anaiwala pa siteshoni ya Waterloo chikwama chomwe munali recorder yosemedwa ndi Peter Bressan, mmisiri wa ku London wa nthawi ya Handel. Dolmetsch anali atailemba miyeso, ndiye anakhala pansi kusema yake. Yotayikayo inadzapezeka pambuyo pake, koma ntchito yosema zatsopano inali itayamba kale. Mu 1953 Nikolaus Harnoncourt anayambitsa gulu la Concentus Musicus ku Vienna, ndipo mu 1964 linajambula ma Brandenburg Concerto a Bach ndi zida za mtundu wakale. Oboe da caccia inatsalira mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene anthu anazindikira kuti zida zopindika za Eichentopf zomwe zinali m'nyumba zosungira zakale ku Stockholm ndi Copenhagen ndizo Bach ankanena.

Mavayolini ena omwe mumaona m'makanema ndi akale enieni. Zitoliro ndi ma oboe pafupifupi onse ndi makope. Mtengo wa zaka 300 unafota, bowo la m'kati linasiya kukhala lozungulira bwino, ndipo chinyezi cha mpweya wa munthu chikhoza kuung'amba, choncho osunga salola kuti ziziimbidwa wamba. Mmisiri amayeza chakalecho, n'kuganizira momwe chinalili chisanafote. Mtengo wachikasu uja ndi boxwood. Mphete zoyera za m'malumikiziro kale zinali za minyanga ya njovu, yambiri yochokera kuno ku Africa, pomwe lero amaika zopangidwa kufakitale. Oboe ndi clarinet za masiku ano, zakuda bii zija, zimasemedwa ku phingo, mtengo womwewu amisiri athu amasemera ziboliboli, ndipo wambiri umachokera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Ndi wolimba mokwanira kugwira timisomali ta tizitsulo tonse tija.

Kodi ndiye zomwe tikumvazi ndi zomwe Bach ankamva? Okonda zida zakale amati chida chimaphunzitsa woimba: pomwe mpweya umathera, manotsi ophimbika, ndi momwe recorder imamvekera pambali pa lipenga popanda wina kumeza mnzake. Otsutsa amakumbutsa kuti Bach yemweyo ankasamutsa nyimbo zake kuchoka pa chida ichi kupita pa icho malinga ndi yemwe analipo, ndipo nyumba zoimbiramo za lero ndi zazikulu kuposa zomwe zidazo zinapangidwira. Katswiri wa ku America Richard Taruskin anafika ponena kuti kaimbidwe kopepuka ndi kofulumira ka magulu amenewa kakuonetsa zokonda za m'zaka za m'ma 1900 kuposa za 1700, ngakhale sanati n'koipa. Lero mkangano unazizirako. Oimba ambiri amaphunzira zida za mitundu yonse iwiri.

Zomwe akatswiri akukanganabe

Mu Brandenburg Concerto yachinayi, imodzi mwa 6 zomwe Bach anapereka kwa Christian Ludwig wa ku Brandenburg mu 1721, iye analemba kuti pakhale "fiauti d'echo" ziwiri. Ambiri amaimba ndi ma recorder wamba. Ena amati ankanena chida chapadera, ma recorder awiri omangidwa pamodzi, wina wamphamvu wina wofewa. Enanso amati ankangofotokoza ntchito yawo yobwereza zomwe gulu lanena, ngati phanga loyankha mawu. Chimodzimodzi "flautino" yomwe Vivaldi anailembera ma concerto atatu: kodi ndi recorder yaing'onong'ono kapena kachitoliro ka mtundu wina? Nanga ma concerto a bassoon 39 aja ankaimba ndani, atsikana a ku Pietà kapena oimba a nyumba zachifumu zakutali?

Palibe concerto ya oboe ya Bach yomwe inapulumuka monga anailembera. Zomwe mumapeza pa intaneti ndi dzina limenelo ndi zomanganso. Akatswiri anatenga ma concerto ake a harpsichord, n'kuona kuti ena mzere wake ukukwana bwino m'zala ndi mu mpweya wa oboe, ndiye anaganiza kuti anayambira kumeneko. Kuti ndi ati, ndipo anali mu kiyi iti, sagwirizana. Sagwirizananso za amene anasema oboe yoyamba ndi chaka chake. Mabuku ena amatchula chisudzo cha Lully cha 1657, ena amati pamenepo inali ikadali shawm yosinthidwa pang'ono. Liwiro la nyimbo nalo ndi mlandu, poti metronome, kachipangizo kowerengera kugunda, inabwera mu 1815 eni nyimbozi atapita kale.

Funso louma kuposa onse ndi la bango. Ma oboe a nthawiyo osungidwa alipo mazana angapo, oyezedwa mbali zonse. Mabango ake, poti ankatayidwa akatha ntchito, otsala ndi owerengeka, ndipo n'zovuta kutsimikiza kuti ili linali la oboe iti ndi la chaka chiti. Osepa a lero amadalira zithunzi zojambula pamanja, mizere yochepa ya m'mabuku akale, ndi kuyesa mpaka chida chichunike. Oimba awiri akhoza kugula makope a oboe imodzi yomweyo kwa mmisiri mmodzi, wina n'kusepa bango lotambalala ndi lofewa, wina lopapatiza ndi lolimba. Akaimba simunganene kuti ndi chida chimodzi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi chithunzi chakale chomuikira umboni.